Tsamba loyera pa PDF linandidyera ndalama, lekani seva iziliyika yokha

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi ndiyankhuleko za kanthu kakang'ono koti ena akangoona mutu wake aseka, kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake angakhale pansi kulemba kalata yonse chifukwa cha tsamba lopanda kanthu? Ine ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kupulinta kuno ku Limbe, ntchitoyi ndinayiyamba nthawi ija anthu ankabwera ndi ma disiki kenako ma fulashi odzadza ndi ma vayirasi, pano zonse zimangogwera pa WhatsApp, ndiye zomwe ndikunenazi si zomva kwa anthu ayi, zinandichitikira ndipo thumba langa ndi lomwe linalira.

Nkhani yake ili motere. Kumapeto kwa teremu ina kunabwera kalaliki wa sukulu ina ya pulaiveti, dzina la sukulu sinditchula poti ndi makasitomala anga mpaka lero komanso mlandu wake tinagawana, anabwera ndi fayilo imodzi ya PDF momwe munali malipoti a ana a sukulu yonse. Iwowo ali ndi sisitimu yawo ya pa intaneti, aphunzitsi amalowetsa malikisi, ahedi amaikapo ndemanga, kenako munthu amangodina batani limodzi malipoti onse nkutuluka mu fayilo imodzi yayitali. Zabwino ndithu, sindikunyoza. Lipoti la mwana mmodzi linali la masamba 3, loyamba dzina ndi malikisi, lachiwiri ndemanga za aphunzitsi, lachitatu mawu a ahedi ndi ngongole ya fizi ngati ilipo. Ndiye kalaliki uja akuti bwana mapepala akwera mtengo, tipulintireni baki tu baki. Tsiku limenelo magetsi anali atangoyaka kumene atazima mmawa wonse, anthu ali ndandanda pamzere wina akufuna CV wina fotokope ya chiphaso, ine osayang'ana nkomwe ndinangodina makina nkuyamba kulavula. Zinadziwika positepula. Mtsikana amene amandithandiza anangoti ankolo tabwerani muone izi, kuyang'ana, pepala loyamba lili bwinobwino tsamba 1 kutsogolo tsamba 2 kuseri, koma pepala lachiwiri kutsogolo kuli tsamba 3 la mwana woyamba, kuseri kwake kuli tsamba 1 la mwana wachiwiri, dzina lake ndi malikisi ake onse ali mbee. Ndekuti ana awiriawiri aliwonse anagawana pepala limodzi. Mulipereka kwa kholo liti? Mukapatsa kholo la woyamba liona kuti mwana wa aneba walakwa masamu, mukapatsa la wachiwiri lidziwa kuti aujeni sanamalize fizi. Ndipo pepala simungalisende ngati chinangwa kuti nkhope ipite uku msana upite uko. Mwayi wake tinazigwira zisanatuluke mu shopu, koma mapepala ndi tona zinapita, tinapulintanso kachiwiri ine nkulipira theka.

Mankhwala ake anali tsamba limodzi loyera basi, kumapeto kwa lipoti la mwana aliyense, kuti masamba akhale 4 ndipo mwana wotsatira ayambire pa pepala lakelake. Apa tisiyanitse, pepala ndi lija mumaligwira m'manja, tsamba ndi nkhope imodzi ya pepalalo. Tiyerekeze kuti ana alipo 240. Mukapulinta mbali imodzi mwatha mapepala 720, limu imodzi ili ndi mapepala 500 ndiye mwatsegula yachiwiri. Baki tu baki wopanda tsamba loyera ndi mapepala 360 koma onse ndi otaya monga ndafotokozera. Mukaika tsamba loyera ndi mapepala 480, limu imodzi yakwana nkutsalako 20. Ndiye amene amati tsamba loyera ndi kuwononga pepala awerengenso bwino, ndi lomwe likupulumutsa mapepala 240 pamenepa.

Tsono funso nkumati aziliyika ndani, chifukwa ana 240 ndi masamba oyera 240, lililonse pamalo pake. Mmene timachitira ambirife mu ma shopu ndi mu ma ofesi ndi zomvetsa chisoni. Wina amatsegula Word, osalembamo kanthu, kuseva ngati PDF kenako nkuyamba kulumikiza ndi fayilo ija kamodzikamodzi mpaka usiku. Wina ndinamuona ndi maso anga akusikana pepala loyera pa makina kuti apeze tsamba loyera, lomwe limatuluka lotuwa ndi timadontho ta fumbi la pa galasi, kulemera kwake ngati chithunzi, ndipo populinta limadyanso tona pa chinthu choti chikanakhala chaulere. Ambiri amangopita pa ma webusayiti aulere aja osinthira PDF, kukweza fayilo yonse, kudikira netiweki, kudina apa ndi apo, kutsitsanso, bandulo ikupita kawiri pa fayilo imodzi. Pa tsamba limodzi kapena awiri palibe vuto, inenso ndimatero. Koma pa 240, munthu ndi munthu, afika pa mwana wa nambala 117 foni yalira, wadumpha mmodzi, kuchokera pamenepo mpaka kumapeto zonse zasokonekeranso chimodzimodzi.

Ndipo si malipoti a sukulu okha. Ntchito imene imatidyetsa ife opulinta kwambiri ndi ma pulogalamu a maliro, a ukwati, a chinkhoswe ndi timabuku ta nyimbo ta kwaya, tija topinda pakati nkumenya sitepula pamsana. Pepala limodzi la A4 mukalipinda pakati limabala masamba 4 a A5, palibe kuchitira mwina, ndiye kabuku kotere masamba ake ayenera kukhala 4, 8, 12, 16 kumangokwera choncho. Anamfedwa amabwera ndi masamba 10, mbiri ya malemu, ndondomeko ya mwambo, nyimbo, zithunzi, akufuna makope mawa mmamawa thupi lisananyamuke ku mochale. Masamba 10 sagawika ndi 4, pakufunika oyera 2 kuti akwane 12. Mukangowasiyira makina amakawaponya onse kumapeto, chithunzi cha malemu ndi mawu othokoza zomwe banja limafuna zikhale pachikuto cha kumbuyo zimalowa mkati, kumbuyo nkukhala mbuu. Malo ake enieni ndi kuseri kwa chikuto cha kutsogolo, lomwe ndi tsamba 2, ndi kuseri kwa chikuto cha kumbuyo, tsamba 11. Ife a ntchitoyi tili ndi kachinsinsi kathu kowonera ngati zili bwino, pa kabuku ka masamba 12 masamba awiri aliwonse ogundizana pa pepala musanalipinde mukawaphatikiza azikupatsani 13, ndiye 12 ndi 1, 2 ndi 11, 10 ndi 3, mpaka 6 ndi 7 pakati penipeni. Ikalakwika imodzi nyimbo imayambira tsamba lina nkukathera pa mbiri ya malemu, ndipo pa maliro anthu sakhululuka msanga zoterezi, dzina la shopu yako limatchulidwa pa siwa usiku wonse.

Amene ananditsegula maso ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, anaphunzira za makompyuta ndipo amalemba ma pulogalamu. Nditamudandaulira za malipoti aja anaseka kaye, kenako akuti ankolo ntchito imeneyo si ya munthu, ndi ya seva, sisitimu ya sukuluyo ikanakhala ndi API yochita zimenezo bwenzi inu musanataye ngakhale pepala limodzi. Ine ndinati mphwanga ndiyankhule Chichewa. Ndiye anandifotokozera ndi chigayo. Akuti mukapita ku chigayo simulowa kuseri kukagwira malamba a injini, mumapereka chimanga chanu pamalo olandirira, kunena kuti mukufuna mgaiwa kapena akukonolereni kaye, kulipira, ufa nkutuluka mbali inayo. Seva ndi kompyuta ija imakhala yoyaka usana ndi usiku kwinakwake, API ndi pamalo polandirira paja, kusiyana kwake nkoti amene amabwera pamzere si anthu koma ma pulogalamu anzake. Sisitimu ya sukulu, kapena ka app ka pa foni ya kalaliki, kamatumiza fayilo ya PDF ku adiresi inayake ya pa seva kudzera mu pempho lomwe iwo amalitcha POST, limodzi ndi malangizo ochepa, tsamba loyera lilowe pambuyo pa tsamba liti, akhale angati, akule bwanji, komanso kiyi wachinsinsi wosonyeza kuti wotumizayo ndi wololedwa. Seva imatsegula fayilo, kuika masambawo, nkubweza fayilo yatsopano pamodzi ndi nambala 200, yomwe mu chiyankhulo chawocho imatanthauza kuti zatheka. Kalaliki sakuona chilichonse mwa izi, iye wangodina batani lake lomwe lija. Safunika kugula pulogalamu yodula, safunika laputopu yamphamvu, ndipo lamulo lake ndi limodzi kwa onse, kaya wadina ndi kalaliki wakale kaya ndi wongobwera kumene dzulo.

Loweruka lina anabwera ndi laputopu yake kudzandionetsa. Ine ndimayembekeza zinthu zambirimbiri zodzadza sikirini koma mtima wa ntchito yonse unali mizere yoti mutha kuiwerenga pa zala. Anagwiritsa ntchito chiyankhulo cholembera ma pulogalamu chotchedwa Python ndi ka laibulale kaulere, kaphukusi ka malamulo olembedwa kale, kotchedwa pypdf, momwe muli kale malamulo awiri, add_blank_page loika tsamba loyera kumapeto ndi insert_blank_page loliyika pakati pomwe mwafuna. Nzeru yake ndi ya sitandade 2, werenga masamba a lipoti la mwana, ngati nambala yake sigawika ndi 2 onjezera limodzi, ngati ndi kabuku onjezera mpaka igawike ndi 4. Akuti olemba mu chiyankhulo china chotchedwa Java ali ndi PDFBox ya Apache, yaulerenso, palinso iText koma imeneyo laisensi yake ndi ya AGPL, kutanthauza kuti ngati simukufuna kuonetsa poyera khodi ya sisitimu yanu muyenera kugula laisensi ya malonda, ndiye anyamata athu aziwerenga kaye asanangotola chilichonse pa intaneti.

Chomwe chinandidabwitsa ine ndi mmene PDF ilili mkati mwake. Ndimaganiza kuti ndi ngati mulu wa zithunzi, ayi. Mkatimo muli kaundula wa masamba, mndandanda wonena kuti tsamba loyamba ndi ili lachiwiri ndi ili ndipo onse pamodzi alipo angati. Tsamba loyera ndi dzina chabe lolembedwa mu kaundulamo ndi muyezo wake, mulitali mwakuti mulifupi mwakuti, lopanda katundu aliyense, nchifukwa chake silimalemeretsa fayilo, kusiyana kutalitali ndi la mkulu wosikana pepala uja. PDF anayambitsa ndi a Adobe mu 1993, ndipo mu 2008 inasanduka muyezo wa dziko lonse lapansi wa ISO 32000, ndekuti malamulo ake ali poyera, mwana wa ku Ndirande kapena ku Chibavi atha kulemba pulogalamu yosintha PDF osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Imeneyi ndi mfundo yomwe ndikufuna akuluakulu a ma ofesi ayimve, chifukwa ena amauzidwa kuti zoterezi zimafuna kugula zinthu zodula kunja.

Koma ndisakunamizeni kuti zinangoyenda tsiku loyamba, mphwanga yemweyo ndi sukulu yake yonse anagwa katatu ine ndikuonerera, ndipo ndinasangalala pang'ono poti anandiseka poyamba paja. Kugwa koyamba, makompyuta amayamba kuwerenga pa 0 osati pa 1, tsamba lomwe ife timati loyamba iwo amati la 0, ndiye ukasokoneza pamenepo tsamba loyera limalowa malo olakwika ndi sitepe imodzi, m'malo mobwera pambuyo pa mawu a ahedi linabwera patsogolo pake. Atakonza zimenezo kunabwera kwachiwiri komwe ndi koseketsa, anauza pulogalamu kuti iika pambuyo pa tsamba 3, 6, 9 kumapita choncho, kuyiwala kuti ukangoika loyamba masamba onse akumbuyo asuntha, lomwe linali 6 pano ndi 7, ndiye pofika kwa mwana wachitatu zinali phala. Njira yake akuti nkuyambira kumapeto kubwerera chakutsogolo, kapena yabwino koposa, kuika tsamba loyera pa lipoti la mwana aliyense payekha musanawalumikize onse mu fayilo imodzi. Iyi ndi yomwe ine ndinayivomereza, chifukwa si ana onse amakhala ndi masamba 3, wina wa fomu 4 wotenga maphunziro ambiri atha kufika 4 kapena 5, ndiye lamulo loti pakatha masamba atatu aliwonse silingagwire, muyenera kudziwa pomwe mwana wathera. Ndipo amene amadziwa zimenezo ndi seva yomwe ikupanga malipotiyo, ine wa ku shopu ndikalandira fayilo yolumikiza kale ndimachita kusaka ndi maso.

Kugwa kwachitatu ndi kwa muyezo, apa ndi pomwe ine ndinamuphunzitsa iyeyo. Kuno timagwiritsa ntchito A4, mamilimita 210 kwa 297, mu chiwerengero cha PDF momwe inchi imodzi ndi mapoyinti 72 imakhala pafupifupi 595 kwa 842. Ku America ali ndi pepala lawo la Letter, lalifupi koma lotambalala pang'ono, mapoyinti 612 kwa 792, ndipo zida zambiri zopangidwa kumeneko ukapanda kuziuza zimangotenga Letter, ngakhale PDFBox ija ukangoti ndipatse tsamba latsopano osatchula kukula imakupatsa Letter. Mphwanga anakopera manambala a Letter pa chitsanzo china cha pa intaneti. Pa sikirini simungaone kusiyana kwenikweni poti tsambalo ndi loyera, koma makina anga atafika pamenepo anaima nkuyamba kuphethira getsi lofiira kuti ndiyikemo pepala la Letter, pepala loti sindinaligulepo chiyambire. Tangoganizani makina akuima ka 240, iwe nkumadina batani loti pitiriza ngati ukupopa madzi pa mjigo. Yankho nkuti tsamba loyera lizitengera muyezo wa tsamba lomwe lili pambali pake, kaya ndi A4, kaya A5, kaya ndi logona chammbali ngati ma tebulo a malikisi aja. Ndipo pypdf ukapanda kuipatsa manambala imachita zomwezo yokha, kutengera tsamba lomwe lilipo kale, ndekuti mnyamata anavutika chifukwa chochenjeretsa.

Pali kamsampha kena komwe sikali pa seva koma pa makina athu. Mapulinta ambiri ali ndi kasetingi kodumpha masamba oyera, kamalembedwa Skip Blank Pages, kanaikidwa ndi cholinga chabwino chopulumutsa mapepala, koma kakakhala koyatsa ntchito yonse ya seva ija yapita m'madzi, makina amaona tsamba loyera nkulidumpha ana nkugundanso misana. Nchifukwa chake mumaona pa mapepala ena a mayeso ndi mabuku a malamulo atalemba pakati pa tsamba kuti lasiyidwa dala. Kale ndinkaziona ngati zopusa, kulemba pa tsamba kuti palibe cholembedwa, koma zili ndi ntchito ziwiri, makina salidumpha poti pali inki, komanso munthu wolandira sada nkhawa kuti mwina pulinta inalephera ndipo pali zina zasowa. Ine ndinamuuza mphwanga kuti alembe mu Chichewa, timalemba ting'onoting'ono pansi, Tsamba ili lasiyidwa dala. Kholo la ku Bangwe likaona limva nthawi yomweyo osabweranso ku sukulu kudzafunsa kuti malikisi ena a mwana wanga ali kuti.

Za netiweki nazo ndinenepo pang'ono poti tili ku Malawi. Fayilo ya malipoti okhala ndi baji ya sukulu ndi chithunzi cha mwana aliyense imalemera, ndipo ma seva amabwera ndi malire awo ochokera ku fakitale, mphwanga akuti pulogalamu yoyendetsa seva yotchedwa nginx ukapanda kuisintha imakana chilichonse choposa 1 MB, inzake yotchedwa PHP nayo imayambira pa 2 MB pa fayilo imodzi. Seva ikakana fayilo chifukwa cha kukula imabweza nambala 413, kiyi akalakwika 401, mukaipanikiza ndi mapempho ambiri 429, ikadzisokonekera yokha 500. Manambala amenewa ndi a anyamata olemba ma pulogalamu, asamafike pamaso pa kalaliki ali choncho, munthu wadikira mphindi khumi bandulo yatha nkungoona Error 413, adziwa bwanji chochita? Mulembereni kuti fayilo yakula kwambiri igaweni pawiri, ndipo muuzeni asanayambe kukweza osati atamaliza. Koma mfundo yanga ikadali yomwe ija, ngati seva yomwe ikupanga malipoti ndi yomwenso ikuika masamba oyera, palibe chokweza nkomwe, fayilo imatsika kamodzi ili yokonzakonza.

Tsopano pomwe pali nkhani yayikulu a Mkonzi ndi apa. Ma API oterewa alipo ambiri ogulitsa kunja, mumalembetsa, kukupatsani kiyi, kumalipira pamwezi kapena pa fayilo iliyonse, ndipo amagwira bwino ntchito sindikuwanyoza. Koma amalipiritsa mu ndalama zakunja, ndipo tonse tikudziwa mmene forex ikuvutira, Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu yomwe munapangira bajeti mu Januwale pofika Disembala ndi ina, khadi la ku banki nalo pena limakana kulipira kunja, tsiku lotsekera sukulu nkupeza akaunti yatsekedwa. Zonsezi chifukwa cha tsamba lopanda kanthu? Chachiwiri ndi chinsinsi. Mu ma fayilo amenewa muli mayina a ana, malikisi, ngongole za makolo, pena ndi ma payslip a antchito, makalata a ku chipatala, mapangano a malo. Kalaliki akamakweza zimenezi pa webusayiti yomwe sakudziwa kuti mwini wake ndi ndani ndipo ili dziko liti, ndiye kuti wanyamula kabati yonse ya ofesi kukaisiya kwa mlendo. Ambiri mwa ma webusayitiwa amalonjeza kuti amafufuta pakapita maola ochepa, mwina amaterodi, koma kholo la mwana uja linafunsidwa? Dziko lino tili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo oyang'anira ake ndi a MACRA, ndekuti amene akusunga mbiri za anthu ali ndi udindo pa kumene mbirizo zikupita. Ine si loya koma nzeru za umunthu chabe zikundiuza kuti chinthu choti seva yanu itha kuchita yokha mu mizere khumi musachitumize kutsidya kwa nyanja. Ndipo seva yanuyo nayo isakhale chitseko chosatseka, pakhale kiyi, pakhale HTTPS yobisa uthenga ukamayenda pa intaneti, ma fayilo akatha ntchito afufutidwe osati kumangounjikana mu foda mpaka wina adzawapeze.

Kochenjera kwina, PDF yomwe yasainidwa kale ndi siginecha ya pa kompyuta musaiyike tsamba. Siginecha imeneyo ntchito yake nkuchitira umboni kuti chikalatachi sichinakhudzidwe, ndiye ngakhale tsamba loyera ndi kukhudza, wolandira akatsegula adzauzidwa kuti chasinthidwa kapena siginecha yafa, satifiketi yabwinobwino nkuoneka ngati yachinyengo. Tsamba lilowe kaye, kusaina kubwere pambuyo. Fayilo yokhoma ndi pasiwedi nayo seva singaitsegule popanda kupatsidwa pasiwediyo. Komanso manambala a masamba omwe analembedwa kale pansi sasintha okha, ngati zamkatimu zikuti mutu wachitatu uli pa tsamba 9 zizinenabe choncho ngakhale mwalowetsa oyera awiri patsogolo, ophunzira a ku koleji obwera ndi ma dissertation awo amakangana nane kawirikawiri pa nkhani imeneyi ngati ndine ndasuntha.

Ndiye pempho langa likupita kwa anyamata ndi atsikana amene mukupangira ma sisitimu masukulu, ma SACCO, mipingo, zipatala ndi makhonsolo, ena mwa inu mwachokera ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuni, ku UNIMA, nzeru muli nazo zochuluka kuposa ine. Mukamaliza kupanga batani lotsitsa zonse mu PDF imodzi musaime pamenepo nkumati ntchito yatha poti pa sikirini zikuoneka bwino. Chikalatacho ulendo wake umathera pa pepala, m'manja mwa kholo kapena wantchito. Ikaniponi kabokosi kamodzi kochonga koti ndipulinta baki tu baki, ndi kena koti ndi kabuku kopinda, seva iwerenge yokha nkuika masamba oyera pomwe akufunika, pa muyezo wa A4, ndi timawu tija pansi. Musanapereke sisitimu kwa eni ake tengani fayilo mubwere nayo ku shopu ngati yanga, tipulinte ana asanu okha tione, ndi mapepala khumi basi ine sindingakulipiritseni nkomwe. Ndipo inu mabwana ogula ma sisitimuwa, pofunsa za mtengo muzifunsanso kuti ma fayilo athu akukonzedwera pa seva iti.

A sukulu aja ndinawauza zonsezi, akuti amene anawapangira sisitimu adzaziona akapeza mpata, teremu yatha ija anali asanaupezebe. Pakadali pano ka API ka mphwanga kali pa kompyuta yakale ya mu shopu mwanga momwemo, sikatuluka kunja, kalaliki amanditumizira malipoti a mwana aliyense payekhapayekha mu foda imodzi, iko nkuwerenga, kuika masamba oyera, kulumikiza. Magetsi akazima nako kamazima, za inveta tidzakamba tsiku lina.

Ine wanu,
Wopulinta wa ku Limbe, Blantyre